Mlendo akadzudzula boma la Philippines: amene amakwiya ndani, ndipo n'chifukwa chiyani?

Mu Epulo 2018, akuluakulu oona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko la Philippines anagwira sisitere wa Chikatolika wochokera ku Australia, Patricia Fox, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 71 ndipo anali atatha zaka 27 akugwira ntchito pakati pa alimi osauka a m'dzikolo. Mlandu wake unali woti, pokhala mlendo, analowerera ndale pamene anapita nawo ku chilumba cha Mindanao kukamva madandaulo a anthu amene ankati asilikali akuwazunza. Pulezidenti wa nthawiyo, Rodrigo Duterte, ananena poyera kuti ndi iye mwini amene analamula kuti mayiyo afufuzidwe, ndipo anati munthu wobwera alibe ufulu wonyoza boma la eni dziko. Pofika Novembala chaka chomwecho, sisitereyo anali atakakamizika kuchoka. Anthu ambiri a m'matchalitchi ndi m'mabungwe a alimi anamulira, koma panalinso ochuluka amene anaombera m'manja, ponena kuti yakwana nthawi yoti azungu asiye kuphunzitsa Afilipino mmene angayendetsere dziko lawo.

Nkhani ya sisitereyu ikukhudza mafunso atatu amene amabwera mobwerezabwereza anthu akunja akamalankhula za dzikoli. Amati ulamuliro wake ndi wodzala ndi katangale komanso kupha anthu popanda kuwazenga mlandu, amati chipembedzo chili ndi mphamvu yopondereza amene akuganiza mosiyana, ndipo amati nzika zake zinataya kale chikhulupiriro mwa boma. M'mawu onsewa muli choonadi, koma choonadicho chimasokonekera msanga munthu akachilankhula mophatikiza, ngati kuti anthu oposa 109 miliyoni okhala pa zilumba zoposa 7,600 ali ndi khalidwe limodzi ndi mlandu umodzi. Ine ndikuona kuti pafupifupi chilichonse cholemera chimene mayiko akunja ananena pa ulamuliro wa Philippines chinayamba chanenedwa ndi Afilipino eni, ena mwa iwo n'kuphedwa nacho, ndipo mawu a kunja amathandiza pokhapokha akaima pa umboni wa anthu amenewa.

Kumene mkwiyo umachokera

Munthu sangamvetse chifukwa chake mawu a mlendo amawawa ku Manila, likulu la dzikolo, asanaone kuti mlendoyo ndi ndani m'mbiri ya dzikoli. Spain inalamulira zilumbazi kuyambira 1565 mpaka 1898, ndipo pamene Afilipino anaukira n'kulengeza ufulu wawo, Spain inapereka dzikolo kwa Amereka pa pangano la ku Paris, posinthana ndi madola 20 miliyoni, popanda kufunsa eni nthaka. Panabuka nkhondo imene inapha anthu wamba miyandamiyanda, ndipo ufulu weniweni unabwera mu 1946. Mu 1906, asilikali a Amereka anapha mazanamazana a Asilamu, kuphatikizapo amayi ndi ana, amene anathawira pamwamba pa phiri la Bud Dajo pa chilumba cha Jolo. Patatha zaka 110, Duterte anatulutsa zithunzi za mitembo ya pa Bud Dajo pa msonkhano wa atsogoleri ku Laos, pofuna kuonetsa kuti amene akumufunsa za ufulu wachibadwidwe manja awo ndi amagazi. Chimene anachitacho chinali njira yothawira funso, koma zithunzizo sizinali zabodza, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri kwawo anamumvera.

Mbiri ya posachedwa ndi yopweteka chimodzimodzi. Pulezidenti Ferdinand Marcos wamkulu anaika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali mu Sepitembala 1972, ndipo bungwe la Amnesty International linawerengera kuti anthu pafupifupi 70,000 anamangidwa, 34,000 anazunzidwa, ndipo oposa 3,200 anaphedwa. Pa zaka zonsezo boma la Amereka linali bwenzi lake chifukwa cha malo a asilikali ake a Clark ndi Subic. Mu 1981 George H. W. Bush, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anafika ku Manila n'kuyamikira Marcos kuti ndi munthu wotsata mfundo za demokalase, ndipo anthu atamuchotsa pampando mu Febuluwale 1986, ndege za Amereka ndi zimene zinamutengera ku Hawaii. Mfilipino amene akukumbukira zimenezi ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti chikondi cha mayiko olemera pa ufulu wake chimayamba liti ndipo chimatha liti.

Palinso mtundu wina wa chidzudzulo umene sukhudza boma ayi koma umanyoza anthu onse. Mu 1987 mtolankhani wa ku Amereka, James Fallows, analemba m'magazini ya The Atlantic kuti vuto la Philippines ndi chikhalidwe chake chimene chinawonongeka, ndipo nkhaniyo amaikambabe mpaka lero, ena moivomereza, ena mokwiya nayo. Mu 1992 Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yakale ya ku Singapore, anauza anthu a bizinesi ku Manila kuti dziko lawo likufunika mwambo kuposa demokalase. Mu 1998 khonsolo ya mzinda wa Manila inalengeza kuti wochita zisudzo wa ku Amereka, Claire Danes, ndi wosalandiridwa mumzindawo chifukwa cha mawu onyoza amene ananena pa uve ndi umphawi wa kumeneko. Mawu a mtundu uwu satchula nduna imene yaba, satchula wapolisi amene wawombera, ndipo amaika mlandu pa wakuba ndi woberedwa mofanana. Wandale wochenjera amawalandira ndi manja awiri, chifukwa amamupatsa mpata woima monga mtetezi wa ulemu wa mtundu wonse, ndipo mawa mlendo wina akabwera ndi mayina, masiku ndi umboni, iye amangomuika m'gulu lomwelo la onyoza.

Zimene akunja amadzudzula zilipodi

Kumvetsa mkwiyo sikutanthauza kuti milanduyo ndi yopeka. Malamulo oyendetsera dziko a 1987 amanena kuti boma liletse mabanja kumangosiyirana maudindo a ndale, koma anasiya kuti nyumba ya malamulo ndiyo ikhazikitse lamulo lofotokoza mmene chiletsocho chigwirire ntchito. Kwa zaka zoposa 35 lamulolo silinakhazikitsidwe, pa chifukwa chosavuta kuona: aphungu ochuluka ndi ana, akazi, amuna kapena abale a andale anzawo. M'zigawo zambiri bambo ndi bwanamkubwa, mayi ndi meya, mwana ndi phungu, ndipo banja lomwelo lili ndi minda ikuluikulu, makampani omanga misewu, nthawi zina ndi gulu lake la anthu a mfuti. Kumene dongosolo limeneli lingafike kunaoneka pa 23 Novembala 2009 m'chigawo cha Maguindanao, pamene anthu 58, mwa iwo 32 ogwira ntchito zofalitsa nkhani, anaphedwa ali pa ulendo wokapereka zikalata za munthu amene ankafuna kupikisana ndi banja la Ampatuan pa udindo wa bwanamkubwa. Chigamulo cha mlanduwo chinatuluka patatha zaka khumi, mu Disembala 2019. Pa mndandanda wa Transparency International wa 2024 woyeza mmene anthu amaonera katangale, Philippines inali pa nambala 114 mwa mayiko 180.

Chimene chinautsa mkangano waukulu ndi mayiko akunja, komabe, ndi nkhondo ya Duterte yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, imene inayamba atangolowa m'boma pa 30 Juni 2016. Apolisi ankayenda m'madera a anthu osauka ndi mndandanda wa mayina, ndipo m'mawa mitembo inkapezeka m'misewu, ina itakulungidwa kumutu ndi tepi, pambali pake pali chikwangwani chonena kuti uyu ankagulitsa mankhwala. Boma lenilenilo linavomereza kuti anthu oposa 6,000 anafa pa ntchito za apolisi, ndipo pafupifupi nthawi zonse malipoti ankati wophedwayo anayamba ndi iye kulimbana ndi apolisi. Woimira milandu pa khoti la padziko lonse la ICC anati chiwerengero chenicheni cha pakati pa Julayi 2016 ndi Malichi 2019 chikhoza kukhala pakati pa 12,000 ndi 30,000.

Yankho la Duterte kwa aliyense wofunsa linali chipongwe. Mu Sepitembala 2016 anatukwana Barack Obama, ndipo msonkhano wa awiriwo unalephereka. Anatukwana mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union, ndipo mu 2017 boma lake linalengeza kuti silidzalandiranso thandizo la mgwirizanowo lokhala ndi zomangira. Khoti la ICC litayamba kuunika nkhaniyo mu Febuluwale 2018, iye anatulutsa dziko lake m'khotilo, ndipo kutulukako kunayamba kugwira ntchito mu Malichi 2019, kupangitsa Philippines kukhala dziko lachiwiri kutero pambuyo pa Burundi. Mu Julayi 2019 dziko la Iceland litabweretsa chigamulo ku nthambi ya United Nations yoona za ufulu wachibadwidwe chofuna lipoti pa za imfazi, chimene mayiko 18 anachivomereza, 14 anachikana ndipo 15 sanavote, Duterte anaseka Iceland kuti ndi dziko la madzi oundana lopanda mavuto oti lingamvetse a ena. Pa nthawi yonseyi kafukufuku wa mabungwe a m'dzikomo a Social Weather Stations ndi Pulse Asia ankaonetsa kuti anthu ochuluka kwambiri akukhutira naye. Mfundo imeneyi ndi imene akunja ambiri ankaipewa, chifukwa ndi yosautsa: munthu amene ankamutcha wakupha anali wokondedwa kwawo kuposa mmene atsogoleri omudzudzulawo ankakondedwera kwawo.

Koma kafukufuku yemweyo ankaonetsanso kuti anthu ambiri akufuna kuti oganiziridwa azigwidwa amoyo, ndipo ambiri ankaopa kuti iwo kapena abale awo akhoza kuphedwa molakwika. Anthu amene khoti limawatengera zaka kuti liweruze kamlandu kakang'ono, amene amaona wogulitsa mankhwala akumangidwa lero n'kutuluka mawa, anavotera lonjezo la chilango chachangu chifukwa chilungamo chenicheni sanachionepo. Mlendo amene sanayambe wamvetsa kutopa kumeneku ankaoneka ngati akuteteza zigawenga ali pa mpando wofewa ku Geneva, kumene kuli nthambi ya United Nations ija.

Mwambi umati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani iyi amene ananola kalumoko anali eni mudzi. Atolankhani ndi ojambula zithunzi a ku Manila ankagona m'misewu usiku uliwonse kutsata mitembo ndi kulemba mayina. Senetala Leila de Lima anayambitsa kafukufuku m'nyumba ya malamulo mu 2016, anamangidwa mu Febuluwale 2017 pa milandu ya mankhwala imene pamapeto pake makhoti anaithetsa yonse, ndipo anakhala m'chitokosi zaka zoposa zisanu ndi chimodzi. Edgar Matobato ndi Arturo Lascañas anaima pamaso pa maseneta n'kuvomereza kuti anali m'gulu lopha anthu ku Davao pa nthawi imene Duterte anali meya. Loya wa Chifilipino, Jude Sabio, ndi amene anakatula dandaulo ku ICC mu Epulo 2017. Mu Ogasiti chaka chomwecho, kamera ya m'dera lina mumzinda wa Caloocan inajambula apolisi akukoka mnyamata wa zaka 17, Kian delos Santos, asanamuwombere, ndipo apolisi atatu anapezeka olakwa mu 2018. Chifukwa mabanja osauka amachita lendi manda kwa zaka zisanu zokha, nthawi itakwana wansembe Flaviano Villanueva anathandiza mabanja kufukula mafupa a abale awo, ndipo dokotala wopima mitembo, Raquel Fortun, anapeza mabala a zipolopolo pa anthu ena amene zikalata zawo za imfa zinkati anafa ndi matenda. Maria Ressa wa nyumba yofalitsa nkhani ya Rappler, amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2021, anali atazengedwa milandu yambirimbiri kwawo, ndipo wailesi ya kanema yaikulu ya ABS-CBN inatsekedwa mu 2020. Popanda anthu amenewa, malipoti a ku Geneva ndi ku The Hague, kumene kuli khoti la ICC, akanakhala mapepala opanda kanthu.

Duterte anagwidwa pa bwalo la ndege la Manila pa 11 Malichi 2025 n'kutumizidwa ku The Hague. Tiyenera kunena moona mtima kuti zimenezi zinatheka banja la Marcos ndi banja la Duterte atayambana, pakuti boma la Ferdinand Marcos wamng'ono, mwana wa Marcos wamkulu amene analowa m'malo mwa Duterte mu 2022, poyamba linkanenetsa kuti ICC ilibe mphamvu pa dzikolo. Ndipo patangotha miyezi iwiri, ali m'ndende ku Ulaya, anthu a ku Davao anamusankhanso kukhala meya.

Chipembedzo: ndani akupondereza ndani?

Pa kalembera wa 2020, anthu 78.8 pa 100 aliwonse anali Akatolika, 6.4 Asilamu, ndipo 2.6 anali a mpingo wa Iglesia ni Cristo. Malamulo a dziko amalekanitsa boma ndi mpingo, ndipo m'moyo wa tsiku ndi tsiku munthu amapemphera kumene akufuna popanda womuletsa. Choncho amene amanena kuti Philippines ndi dziko losalolerana pa chipembedzo ayenera kufotokoza kuti akunena za chiyani, chifukwa pali zinthu zingapo zosiyana zimene zimabisala m'mawu amenewa.

Chimene akunja amachiona msanga ndi mphamvu ya mpingo wa Katolika pa malamulo a banja. Kupatula Vatican, Philippines ndi dziko lokhalo limene lilibe lamulo la chisudzulo cha anthu onse. Asilamu okha ndi amene amaloledwa kusudzulana pansi pa lamulo lawo la 1977. Mayi amene mwamuna wake amamumenya kapena anamuthawa kalekale ayenera kupempha khoti kuti lifafanize ukwatiwo ngati kuti sunakhalepo, ndipo njira imeneyi imatenga zaka ndi ndalama zimene wosauka sangazipeze. Aphungu anavomereza bilu ya chisudzulo mu Meyi 2024, koma inaima kwa maseneta. Lamulo lopereka njira zolerera m'zipatala za boma linakhala likukanidwa kwa zaka zoposa khumi lisanadutse mu 2012, ndipo linadikiranso chigamulo cha Khoti Lalikulu mu 2014. Palinso ndime 133 ya malamulo a milandu, yochokera m'nthawi ya atsamunda, imene imalanga munthu wokhumudwitsa okhulupirira pa malo opempherera. Ndime imeneyi ndi imene anaimbira mlandu Carlos Celdran, yemwe mu 2010 anaima m'tchalitchi chachikulu cha Manila atanyamula chikwangwani chodzudzula ansembe olowerera ndale. Anapezeka wolakwa, Khoti Lalikulu linavomereza chigamulocho mu 2018, ndipo iye anamwalira ku Madrid mu 2019. Apa chidzudzulo n'choyenera, ndipo ndikuona kuti dziko limene limatsekera mayi m'banja lachiwawa chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo umene mwina iye sali membala wake likumulakwira.

Komabe mpingo womwewo ndi umene unaima pakati pa anthu ndi mfuti mu 1986, pamene Kadinala Jaime Sin anaitana anthu pa wailesi ya Radio Veritas kuti adzaze msewu wa EDSA, masisitere n'kugwada kutsogolo kwa akasinja. Ndipo pansi pa Duterte, mpingo ndi umene unali wonyozedwa. Iye anatukwana Papa Francis chifukwa cha kuchulukana kwa magalimoto pa ulendo wake wa 2015, ananyoza Mulungu poyera mu 2018, ndipo ananena kangapo mawu olimbikitsa anthu kuchitira nkhanza mabishopu. Pakati pa Disembala 2017 ndi Juni 2018 ansembe atatu, Marcelito Paez, Mark Ventura ndi Richmond Nilo, anawomberedwa n'kufa. Bishopu Pablo Virgilio David wa ku Kalookan (Caloocan), amene dayosizi yake inaika maliro ambiri a nkhondo ya mankhwala, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Kuwonjezera apo pali mchitidwe wa akuluakulu a boma ndi asilikali wotchula poyera anthu ogwira ntchito za mpingo, aphunzitsi ndi atsogoleri a antchito kuti ndi a zigawenga za chikomyunizimu, zimene nthawi zambiri zimatsogolera ku kumangidwa kapena kuphedwa. Mabungwe monga Rural Missionaries of the Philippines anatsekeredwa ndalama zawo kubanki pa zifukwa zotere. Mu 2024 nthumwi ya United Nations, Irene Khan, inalangiza kuti nthambi ya boma imene imatsogolera mchitidwewu ithetsedwe, ndipo m'chaka chomwecho kunatuluka chigamulo cha Khoti Lalikulu la dzikolo chonena kuti kutchula munthu motero kumaika moyo ndi ufulu wake pa chiswe.

Tiyeneranso kudziwa kuti Akatolika a ku Philippines samvera mabishopu awo pa chilichonse. Ambiri ankagwirizana ndi lamulo la kulera pamene mabishopu ankalikana, anasankha Duterte ngakhale ankatukwana Papa, ndipo mu 2022, ansembe ambiri atasonyeza kuti ali kumbali ya Leni Robredo, yemwe ankapikisana nawo pa upulezidenti, Marcos wamng'ono anapambana ndi mavoti oposa 31 miliyoni. Mpingo umene andale amauopa pa chisankho ndi Iglesia ni Cristo, umene atsogoleri ake amasankha oti avoteredwe ndipo mamembala amayembekezeka kutsatira onse pamodzi.

Bala lakuya kwambiri lili kummwera. Chisilamu chinafika ku Sulu ndi ku Mindanao Asipanishi asanabwere, ndipo ngakhale Manila inali ndi mfumu ya Chisilamu, Rajah Sulayman, pamene atsamunda anaulanda. Maufumu a Sulu ndi Maguindanao anakana kugonja kwa zaka mazana atatu. Chimene nkhondo inalephera kuchita chinachitika ndi mapepala a malo: boma la Amereka, ndipo kenaka maboma a ku Manila, anasamutsira ku Mindanao Akhristu ambirimbiri ochokera ku Luzon ndi ku Visayas n'kuwapatsa zikalata za minda, mpaka Asilamu ndi mitundu ina ya komweko anakhala ochepa pa nthaka ya makolo awo. Kuphedwa kwa anyamata a Chisilamu amene ankaphunzitsidwa usilikali pa chilumba cha Corregidor mu 1968 kunayatsa moto, ndipo kunabadwa gulu la zida lomenyera ufulu wa Asilamu la MNLF la Nur Misuari, kenaka la MILF. Nkhondoyo akuti inapha anthu pafupifupi 120,000. Mu 2017 magulu ogwirizana ndi Islamic State analanda mzinda wa Marawi, ndipo asilikali anauphulitsa kwa miyezi isanu kuti awuwombole. Anthu oposa 1,000 anafa, mazana a masauzande anathawa, ndipo ambiri anadikira zaka kuti abwerere pamene panali nyumba zawo. Akhristu nawonso akhetsa magazi: mabomba anaphulika m'tchalitchi chachikulu cha Jolo mu Januwale 2019 ndiponso pa Misa ku yunivesite ya ku Marawi mu Disembala 2023. Kutali ndi nkhondo, Asilamu okhala ku Manila akhala akudandaula kuti dzina lawo lokha kapena mpango wakumutu umawatayitsa ntchito ndi nyumba za lendi.

Chochititsa chidwi n'choti pa nkhani iyi dzanja la mlendo linalandiridwa, ndipo linathandiza. Libya inachititsa pangano la ku Tripoli mu 1976, Indonesia inathandiza pa pangano la 1996, ndipo Malaysia inakhala mkhalapakati kwa zaka zambiri mpaka pangano la 2014, limene linabala chigawo chodzilamulira cha Bangsamoro anthu atavota mu 2019. Alendo amenewa anabwera ataitanidwa, anakhala pansi ndi mbali zonse ziwiri, ndipo sanayambe ndi kuweruza mtundu wonse. Mtenderewo ndi wosalimba, ndipo chisankho choyamba cha nyumba ya malamulo ya chigawocho chinaimitsidwa kangapo, koma mfuti zambiri zinakhala chete.

Kodi Afilipino anataya mtima?

Mlendo amene wacheza ndi woyendetsa takisi ku Manila amabwerera kwawo akunena kuti anthu a kumeneko amadana ndi boma lawo, ndipo wina amene anayesa kuvomereza zimene woyendetsayo ananena amadabwa kuona nkhope itasintha. Zonse ziwirizi n'zoona. Afilipino amadzudzula boma lawo mwaukali kuposa mlendo aliyense, m'manyuzipepala, pa wailesi ndi pa Facebook, koma amasiyanitsa pakati pa munthu amene adzagona m'madzi osefukira pamodzi nawo ndi amene adzakwera ndege mawa. Ndipo kudandaula kwawo sikunawasiyitse kuvota, pakuti pa chisankho cha 2022 anthu oposa 80 pa 100 aliwonse olembetsa anaponya voti. Anachotsa Marcos mu 1986, anachotsa Pulezidenti Joseph Estrada mu 2001, ndipo mu 2013 anadzaza bwalo la Luneta ku Manila mpaka thumba la ndalama za chitukuko za aphungu, limene linabedwa kudzera m'mabungwe abodza a Janet Lim-Napoles, linathetsedwa ndi Khoti Lalikulu. Chimene sakhulupirira ndi maofesi, makhoti ndi zipani; chiyembekezo chawo amachiika mwa munthu mmodzi, ndipo akawakhumudwitsa amafunafuna wina. Pali enanso mamiliyoni amene anasankha kuchoka, anamwino, oyendetsa sitima zapamadzi, ogwira ntchito za m'nyumba ku Hong Kong ndi ku mayiko a Aluya, amene mu 2024 anatumiza kwawo madola oposa 38 biliyoni. Iwowa amaona tsiku ndi tsiku mmene zipatala ndi sitima zapamtunda zimayendera kwina, ndipo ndi iwonso amene amamva kuwawa kwambiri bwana wawo akanyoza dziko lawo.

Mu Julayi 2025, mvula itamiza midzi ndi mizinda, Pulezidenti Marcos ananena m'nyumba ya malamulo kuti ndalama zotchinjiriza madzi osefukira zabedwa. Kenaka anaulula kuti mwa mapeso 545 biliyoni amene anagwiritsidwa ntchito kuyambira 2022, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu linapita kwa makampani 15 okha, ndipo m'chigawo cha Bulacan munapezeka zipupa za m'mbali mwa mitsinje zimene boma linalipira koma sizinamangidwe n'komwe. Mainjiniya a boma anatchula aphungu ndi maseneta amene akuti ankalandira gawo lawo. Sipikala Martin Romualdez, msuweni wa pulezidenti, anatula pansi udindo. Pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira ulamuliro wa asilikali wa bambo a pulezidentiyo, anthu masauzande ambiri anachita zionetsero ku Luneta ndi pa EDSA, ophunzira, ansembe, masisitere ndi abusa ali pamodzi. Panalibe kazembe kapena bungwe lakunja limene linawatuma.

Anthu amene anali m'misewu tsiku limenelo ankadziwa bwino mmene milandu yam'mbuyo inathera. Estrada anapezeka wolakwa pa kuba chuma cha boma mu 2007, anakhululukidwa patangotha milungu yochepa, ndipo kenaka anakhala meya wa Manila. Imelda Marcos, mkazi wa Marcos wamkulu, anapezeka wolakwa pa milandu ya katangale mu 2018 koma sanalowe m'ndende. Pa mlandu wa 2013, Napoles anamangidwa, pamene maseneta atatu amene anaimbidwa naye mlandu wofunkha chuma cha boma, Bong Revilla, Jinggoy Estrada ndi Juan Ponce Enrile, onse anamasulidwa pa mlandu umenewo, ndipo awiri oyambawo anasankhidwanso kukhala maseneta.